Chikuto cha Kope Langa la Masamu

Amene anayamba kundiuza anali Esitere, mnzanga wa m'kalasi. Anandipeza pachitsime Lachiwiri masana akupuma wefuwefu, n'kunena kuti, "Rozina, tula ndowayo. Amalume ako awakweza galimoto ya boma ku Kasakula, manja atawamanga kumbuyo." Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 4, nthawi ija ya chipani chimodzi. Lero ndine mayi wa ana asanu, imvi zili mbuu, koma ndikakumbukira chimene anawatengera mtima umandiwirabe. Mkwiyo umenewu ndaulapa kangapo kwa ansembe. Sukutha.

Amalume a Fabiano anali alongo awo a amayi, ndipo ndiwo anali kutiyang'anira monga eni mbumba. Anagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Zambia. Anzawo pobwera kwawo ankabwera ndi njinga kapena wailesi. Iwo anabwera ndi bokosi lachitsulo lodzaza magazini amene alendo ankasiya m'zipinda. Anawadutsitsa pachipata atawaphimba ndi zovala, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kuti ambiri mwa iwo kuno anali oletsedwa.

"Achimwene, anzanu akukwera njinga, inu mukukwera mapepala?" ankatero amayi. "Tsiku lina adzatiphetsa amenewa."

Iwo ankangoseka. Lamulungu tikabwera ku Misa, ankatseka chitseko, n'kuwayala pamphasa milu itatu. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sankawasakaniza.

"Angamenyane, Naphiri," anatero, pakuti ankanditchula ndi mfunda wanga. "Awa ndi a maiko akum'mawa, amati minda ndi mafakitale zikhale za onse, boma lizigawa. Awa ndi akumadzulo, amati aliyense agwire zake, wolemera alemere. Awa ochepawa ndi a akhristu anzathu akunja, amadzudzula mbali zonse."

"Nanga onena zoona ndi ati?"

"Aliyense amanena zoona za mnzake, zake n'kubisa. N'chifukwa chake ndimawerenga onse. Koma iwe usakhudze, wamva?"

Ndinamva ndithu. Koma mwezi womwewo aphunzitsi athu analamula kuti kope lililonse likutidwe, ndipo wosakuta ankalandira zikoti zitatu m'manja. Anzanga ankakutira mapepala a matumba a simenti. Ine ndinakutira la thumba la shuga, koma mvula ya m'mapiri mwathu muja, popita kusukulu linanyowa n'kusanduka phala. Ndinakwapulidwa Lachitatu, ndinakwapulidwanso Lachinayi. Lachinayi lomwelo amalume ali kuchigafa kusoka fodya, ndinatsegula bokosi lija.

Sindinasankhe za ndale ine, Mulungu ndi mboni. Ndinasankha pepala lolimba, losalala, loti madzi azingotsetsereka. Panali mayi wonenepa bwino atakwera thirakitala, atavala duku, akumwetulira ngati amayi a kwaya. Kumbuyo kwake kunali mbendera yofiira yokhala ndi hamala ndi chikwakwa. Ndinkati ndi zida zakumunda basi. Ndinakuta kope langa la masamu mosamala, ngodya zonse zili bwinobwino, ndipo Lachisanu ndinaliika pamwamba pa makope a anzanga kuti lioneke.

Aphunzitsi atalinyamula analitembenuza msangamsanga ngati lawatentha.

"Pepala ili walitenga kuti?"

Ine ndi mtima wonyada, pamaso pa kalasi yonse: "Kwa amalume anga! Ali nawo ambiri, bokosi lodzaza!"

Aphunzitsiwo sindiwada. Ana makumi angapo anali atamva, ndipo akanabisa, omangidwa akanakhala iwowo. Anauza aphunzitsi aakulu, aphunzitsi aakulu anauza atcheyamani a chipani.

Lolemba masana atcheyamani anafika kwathu ndi anyamata anayi. Ine ndinkasuzumira pazenera la khitchini. Atcheyamaniwo Chingerezi sankachidziwa, koma mtundu wofiira ankaudziwa. Anaika kope langa pakhonde n'kuloza ndi ndodo.

"A Fabiano, mwatibweretsera anthu a mbendera iyi m'dziko lamtendere?"

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima mpaka lero. Amalume, munthu wanzeru zake, anaganiza kuti nkhaniyi itha ndi kufotokoza. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi magazini a mulu wachiwiri.

"Onani, bwana. Awa amadana ndi a mbendera yofiira kuposa mmene mumadanirana nawo inuyo. Ndikanakhala wa mbali imeneyo, ndikanasunga adani awo?"

Atcheyamani ananyambita chala, n'kuvundukula. Tsamba loyamba galimoto. Tsamba lachiwiri mkazi atavala thalauza, chinthu chimene masiku amenewo chinali mlandu pachokha. Ndiye mmodzi wa anyamata aja, amene anafikako ku sekondale, anawerenga pang'onopang'ono pamene panalembedwa kuti maiko a chipani chimodzi alibe ufulu.

"Ehe! Ndiye muli nawo onse awiri!"

"Dikirani, pali enanso a tchalitchi..."

"Achimwene, khalani pansi!" anakuwa amayi, atagwira kumutu. "Musatulutsenso kanthu, ndakugwirani mwendo!"

Koma anali atatulutsa kale. A tchalitchiwo ankanena za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Tangoganizani: magazini atatu odana, oti kwawo sangakhale patebulo limodzi, pakhonde pathu anagwirizana kumanga munthu mmodzi. Anyamata anasenza bokosi, amalume anauzidwa kuti m'mawa akaonekere ku Kasakula. Anapita okha, atavala jekete lawo la ku Misa. Zotsatira zake ndi zija anandiuza Esitere pachitsime.

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangondipatsa korona n'kunena kuti, "Gwada, uyambe ndiwe." Tinapemphera korona tsiku lililonse kwa madzinja atatu, osadziwa ngakhale ndende imene amalume anali. Akazi awo, a Nachisale, anatsala ndi ana atatu ndi fodya wosatha kusoka. Palibe tsiku limene anandinenera mawu oipa mayi ameneyo; ankandigawira mbatata ngati kale, ine n'kumailandira ndi manyazi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, poti wondilimbikitsa panalibe.

Ndipo imvani izi. Patangopita mwezi umodzi amalume atatengedwa, amayi anandituma kumsika ku Kasakula. Ndinagula zitumbuwa kwa akazi a atcheyamani, ndipo anandikulungira m'pepala losalala. Nditalitambasula, thirakitala! Mbendera yofiira ili pomwepo, yanona mafuta. Mapepala oopsa aja, ogwetsa dziko aja, msika wonse unkadyerapo zitumbuwa, ndipo palibe anamangidwa. Ndinalira njira yonse, osati ndi chisoni, koma ndi ukali.

Amalume anabwera chimanga chikucha, ataonda, mano akutsogolo palibe, akutsokomola. Anthu atadzaza pabwalo ine ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Anandilondola komweko ndi ndodo yawo.

"Naphiri, masamu aja unakhoza?"

Ndinagwada pamaso pawo. Anandidzutsa.

"Chithunzi chija chinali chokongola, nanenso ndikanasankha chomwecho. Wolakwa si iwe. Koma umve: pepala lililonse lili ndi mwini wake. Usanalinyamule, uzifunsa kuti walemba ndani, ndipo akufuna chiyani kwa iwe."

Chifuwa chija chinawatenga nthawi ya zipani zambiri isanafike. Munthu wokonda kuwerenga uja sanaone tsiku limene nyuzipepala zotsutsana zinayamba kugulitsidwa poyera, pamphasa imodzi.

Lero ana anga amandiwerengera nkhani za m'manyuzi ndi za m'mafoni, wina akuti awa ndi abwino, wina akuti ndi akuba, mpaka kukangana. Ine sukulu yanga ndi yochepa, koma ndimawafunsa funso la amalume, ndipo ndimawauza kuti akawerengenso za mbali inayo. Ndikuthokoza Mulungu kuti angathe kutero chitseko chili chotsegula. Makope a adzukulu anga ndimakuta ndekha, ndi pepala lopanda chithunzi.

A Nachisale akadali moyo kufupi ndi Kasakula, maso anasiya kuona. Ndikapita amandigwira kumaso n'kunena kuti, "Wabwera wamasamu." Inu owerenga, mukamagwada, chonde kumbukirani mayi ameneyu ndi ana ake atatu amene anakula bambo ali moyo koma palibe. Mutchulenso dzina la a Fabiano, amene anangofuna kumva mbali zonse.