Bawuti m'Paipi ya Mabuleki

Ndinaganiza zochoka ku Chinyunyu m'chaka cha chilala chija, pamene tinkadya ufa wachikasu wa thandizo. Chimanga chathu chinauma chisanamasule, ndipo ine ndinkadziwa ntchito imodzi yokha, kuyendetsa lole. Anandiphunzitsa ndi mlamu wanga, ba Dyson, mwamuna wa mlongo wanga Esnati, pa chilole chawo chakale chonyamula makala. Masiku amenewo ndinkawaona ngati katswiri. Ankatsika phiri dzanja limodzi lili pa chiwongolero, lina lili panja kupereka moni kwa azimayi ogulitsa tomato. Nditamva kuti ku Botswana akufuna madalaivala, ndinagulitsa njinga yanga, ndinatsanzika amayi, n'kukwera basi.

Ntchito ndinaipeza ku Francistown, pa kampani ina yonyamula simenti. Kapitawo wathu anali mdala wa ku Zimbabwe, ba Ncube, munthu wosaseka. Tsiku loyamba ndinalumphira m'lole, ndinaliza injini, ndili wokonzeka kuwaonetsa kuti ku Zambia kulinso amuna. Mdalayo anakwera pa sitepe, anazimitsa injini, n'kuika kiyi m'thumba mwake. Anandilozera pansi pa lole. Ndinagona chagada pa fumbi, anzanga akundiseka, iye akundionetsa zoti ndizichita m'mawa uliwonse: kutulutsa madzi m'mathanki a mpweya, kugwira paipi iliyonse ndi dzanja, kumvetsera ngati mpweya ukutuluka penapake, kuona ngati malayiningi a mabuleki atha. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Anandiyankha m'Chingerezi chake chosweka kuti makaniko amatsala pa galaja akudya mabanzi, amene amatsika phiri ndi anthu ndi dalaivala.

Ndinamuda mdala ameneyo kwa chaka chathunthu. Koma kumeneko ndinkadana ndi zambiri. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi cha malata chotentha ngati uvuni, aliyense ndi chinenero chake. M'sitolo ankatitcha dzina lachipongwe limene amatchula alendo onse. Lamlungu ndilo linkandipha, chifukwa kunalibe ntchito yoti indiiwalitse. Ndinkakhala pa mpanda wa depoti kudikira malole a nambala za kwathu, kuti mwina dalaivala wina andifunse chabe kuti ndili bwanji. Ndinalirapo kangapo, sindibisa.

Makalata ankachokera kwa Esnati, chifukwa amayi sankadziwa kulemba. Ankandiuza za mvula, za amene wakwatiwa, kenako kumapeto kwenikweni, za ndalama. Ndinkatumiza mwezi ndi mwezi kudzera mwa kondakitala wina wa basi. M'chaka chachinayi Esnati analemba kuti lole ya ba Dyson yayamba kuvuta mabuleki, ndipo ndiyo imadyetsa nyumba yonse, amayi omwe. Apa n'kuti ine nditaona kale ndi maso anga lole ina imene inalephera kuima pa mphambano, ndipo ndinathandiza nawo kunyamula anthu amene inawaomba. Ndinatumiza zonse zimene ndinasungira wailesi, ndipo ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi za mabuleki basi.

Lero ndimakhala pompano pa Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu, ndili ndi kagalaja kanga ka matayala. Lole ikamatsika kuchokera ku Rufunsa ndimaidziwa ndi khutu ndi mphuno. Anthu kuno amakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Amanama. Malayiningi opserera amanunkha mtunda wautali, kungoti madalaivala athu anaphunzira kupumira m'kamwa.

Ndinabwerera mu 1997, kontirakiti itatha. Lole ya ba Dyson ndinaipeza itapakidwa penti yobiriwira yatsopano, ili ndi hutala yoimba nyimbo, ndipo pamphumi pake atalembapo kuti MULUNGU AKUTSOGOLERA. Ndinafunsa za mabuleki. Anandimenya paphewa nati zonse zili bwino, mapepala a boma osonyeza kuti lole ili bwino ali nawo, anawatengera munthu wina m'tauni lole ili pompano pakhomo. Ndinafuna kuyang'ana, koma mlendo wofika kumene salowa pansi pa galimoto ya mlamu wake.

Patapita milungu iwiri uthenga unafika wakuti amalume, mlongo wawo wa amayi, amwalira ku Shikabeta, kuchigwa. Kunali kotentha, mtembo sukanadikira, ndipo maliro anali oti aikidwe masana a tsiku lotsatira. M'mamawa anthu anadzaza m'lole, azimayi a kwaya, madoda, makanda kumsana, matumba a ufa. Amayi anakhala kutsogolo kwa bodi, atadzikulunga chitenje chakuda. Ine thupi linangochita zimene linazolowera. Ndinayala katoni pansi pa lole n'kulowa.

Thanki ya mpweya nditaitsegula munatuluka madzi akuda ngati a m'dambo. Ndinatsata paipi yopita ku matayala akumbuyo, ndipo dzanja langa linafika pamene inathera. Anaidula, analowetsamo bawuti, n'kumanga ndi mphira ya chubu. Umu ndi mmene amachitira madalaivala a kwathu: paipi ikamataya mpweya saisintha, amangoitseka, ndipo matayala onse a kumbuyo amatsala opanda buleki. Geji ya kutsogolo imaonetsa kuti mpweya wadzaza, dalaivala n'kumasangalala. Ndalama zanga za wailesi zinali zikuimba nyimbo pamwamba pa kabini.

Ndinatuluka n'kunena pamaso pa onse kuti lole imeneyi siingatsike phiri la ku Shikabeta ndi anthu, itipha. Kwathu ulendo usanayambe satchula ngozi, makamaka ulendo wa kumaliro. Amati ukaitchula waiitana. Mayi wina wa kwaya analavula malovu pansi, mdala wina anandifunsa ngati ku Botswana ndinaphunzira kulodza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama kuti aone bawuti imene ndinkailoza.

"Iwe mulamu," anatero ba Dyson akumwetulira, "motoka iyi yayenda so zaka ziwiri. Yapaya ndani? Kutsogolo igwira bwino maningi. Tipemphere chabe, tiyende."

"Ba mulamu, imwe ndimwe dalaivala. Munagonako pansi apa liti?"

Anaseka, anthu anawathandiza kuseka. Ndinapita kwa amayi n'kuwapempha kuti atsike, ndikawapezera njira ina. Njira ina kunalibe, ndipo tonse tinkadziwa. Basi siinkafika kumeneko. Amayi sanandiyang'ane n'komwe, anangoti ndileke kuwachititsa manyazi.

Ba Ncube akanakhalapo akanazula kiyi n'kupita kukamwa tiyi. Ine ndinazuladi kiyi, koma m'lolemo munali amayi anga, ndipo ndinkadziwa kuti ba Dyson amatha kuiliza ndi mawaya. Ndinati ngati ikupita, ndiyendetsa ndine. Ba Dyson anatambasula manja nati alekeni a ku Botswana atiyendetse. Anapemphera, ndipo ine amene ndinkanyoza madalaivala a kwathu ndinanyamula mudzi wonse pa lole yopanda mabuleki.

Pa tala ndinayenda pang'onopang'ono. Titapatukira mu msewu wa miyala wotsikira kuchigwa sindinachoke pa giya yoyamba ndi yachiwiri. Pa chitsikiro chilichonse choopsa ndinkaima pamwamba, ndinkatsitsa anthu onse kuti ayende pansi, ndipo amuna awiri ankayenda m'mbali atanyamula miyala yoti atchinge nayo matayala. Kachitatu anthu anayamba kung'ung'udza. Kachisanu ankanditukwana poyera. Ba Dyson ankangowauza kuti iwo pofika pano akanakhala atafika kale, atasamba, atadya. Pamalo ena mabuleki a kutsogolo anatentha, phazi linapita pansi ngati ndaponda phala, ndipo lole inaima chifukwa ndinaikhulitsa kuchipupa cha phiri. Penti yobiriwira inakalika. Ba Dyson anadandaula penti.

Tinafika dzuwa litapendeka. Tinakumana ndi anthu akuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Anali atatidikira mpaka pamene sakanathanso kudikira. Amayi anatsika, anafunsa njira, n'kupita okha. Ndinawaona chapatali atagwada pambali pa mulu wa dothi lofiira.

Pobwerera m'mawa mwake kiyi sanandipatse, ndipo panalibe wondiikira kumbuyo. Ndinakhala m'bodi pafupi ndi amayi, nditagwira chitsulo, ndikuwerenga zitsikiro mumtima. Pobwerera n'kokwera kwambiri, ndiye ba Dyson anathamanga ngati akuthawa ngongole, hutala ikuimba m'midzi yonse. Tinafika ku Chinyunyu dzuwa lili pamutu. Anthu potsika ankawagwira chanza ndi manja awiri nati awa ndiwo dalaivala weniweni. Pamenepo ndinazindikira kuti kwathu dalaivala amamuyeza ndi ola limene wafika. Akafika, ndi katswiri. Akapanda kufika, ndi Mulungu wafuna, kapena wina wamulodza, ndipo palibe amene amafunsa kuti m'mawa uja anayang'ana pansi kapena ayi.

Sabata yomweyo ndinapita ku Lusaka, ndinagula paipi, n'kuiika ndekha. Inali yotchipa kuposa hutala, ndipo ntchito yake siinakwane ola. Ba Dyson anaima pambali akundiuza kuti lole tsopano izidya mpweya wambiri. Esnati anandipempha kuti ndikapepese kwa amuna ake chifukwa ndinawachotsa ulemu pagulu. Sindinapite. Iwo ndinawanyoza tsiku limenelo, ndipo ndimawanyozabe.

Amene ndinkafuna kuti andimvetse ndi amayi. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde, ndinakhala pansi, n'kuwaonetsa bawuti ija. Ndinawafotokozera zonse, za mpweya, za matayala a kumbuyo, za pamene phazi langa linapita pansi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula mawu.

"Nakumvera, mwana wanga," anatero. "Tonse tili moyo, zikomo. Koma ine nkhope ya mlongo wanga sininaione."

Anapitiriza kusenda mtedza. Anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, ndipo sanandikalipirepo za nkhaniyi. Koma kuyambira tsiku limenelo, akafuna kupita kuchipatala ku Rufunsa kapena kumaliro kulikonse, ankadutsa pakhomo panga n'kukapempha ba Dyson.