Kukaona makina a khofi a bambo Mbewe ku Namitete

Ndinatuluka m'nyumba kwathu ku Area 25 itangodutsa 6 koloko m'mawa, Loweruka lina m'mwezi wa June, nditanyamula katoni yomanga ndi chingwe. M'katonimo munali kamakina kanga kopangira khofi wa esipureso, khofi wakuda bii uja amamwera m'tikapu ting'onoting'ono. Ndinamuzolowera khofi ameneyu pa zaka zambiri zimene ndinagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina mumzinda, ndipo nditapuma ntchito ndinagula kamakinaka kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Kananditumikira zaka zisanu ndi ziwiri osadandaula. Amene anayamba kudandaula ndi ine.

Chinandiwononga ndi foni. Ndinkaonera mavidiyo a anthu akunja akuyerekeza makina akuluakulu onyezimira, mpaka khofi wanga wa m'mawa anayamba kundikomera mopereweza. Kenako ndinaona uthenga woti munthu wina wachikulire wa ku Namitete, a Mbewe, akugulitsa makina awiri a mtundu womwewo. Ndalama zogulira amodzi mwa makinawo zinali zomwezo zimene ine ndi mkazi wanga, amake Tadala, tinasungira kumalizitsa mpanda wa nyumba. Iwo sanandiletse. Anangoti ndipite ndikaone, ndipo pobwera ndidzawauze ngati akuba amaopa fungo la khofi. Pa foni a Mbewe anandipempha zinthu ziwiri: ndibwere ndi kamakina kanga, komanso ndisamwe khofi m'mawa umenewo.

Ku depoti ndinakwera minibasi ya ku Mchinji. Kondakitala anati ku Namitete ndi K4,000, katoniyo K1,000 payokha. Ndinaiika pamiyendo, nkhani ya K1,000 n'kutha. Tinadikira kuti idzaze mpaka 8 koloko, injini ikulira ngati tinyamuka pompo.

Pambali panga panakhala mayi wina wa geni ya kaunjika amene ankapita ku msika wa ku Msundwe. Anasuzumira pa kabowo ka katoni n'kundifunsa ngati anali makina osokera. Nditawafotokozera, anafuna kudziwa mtengo wa amene ndinkapita kukaonawo. Manyazi anandigwira, ndinatchula theka lokha. Ngakhale theka lomwelo linawadabwitsa, ndipo titafika pa Njewa anati, “Kodi bambo, makina amenewo amalimanso?” Minibasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka. Koma pa Njewa pamenepo nyumba zatsopano zamera ngati bowa, iliyonse ndi mpanda wake wa njerwa, ndipo ndinazindikira kuti maso anga ali pa mipandayo.

Titadutsa mitengo italiitali ya ku Chitedze dziko linatseguka. Chimanga chinali chitakololedwa, minda ili mbee, apa ndi apo utsi wa mapesi. Pa Mpingu tinaima kuti bambo wina akweze mbuzi ziwiri kumbuyo, ndipo malole awiri odzaza mabelo a fodya anatidutsa akulowera kumzinda. Ndinaganiza za anthu amene anapindira msana fodya ameneyo chaka chathunthu, ndi ine amene ndinkapita kukasankha chitsulo chophikira chakumwa chotha ndi kumeza kuwiri. Sindinadziweruze, koma katoni ija inayamba kulemera. Pa Msundwe mayi a kaunjika anatsika akundifunira zabwino ndi thirakitala yanga. Ndinagula mbatata yootcha ya K500 pa windo kuti ndiiwale mutu, umene unali utayamba kuwawa chifukwa chosowa khofi.

Tinafika pa Namitete cha m'ma 9:40. M'mbali mwa msewu munali mipando, makama ndi makabati a akalipentala a kumeneko, vanishi akununkhira padzuwa. Wakabaza wa njinga yamoto, bambo wa msinkhu wanga amene makolo ake anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya, sanadikire kuti ndimalize kulongosola njira. Anangoti kwa agogo a khofi ndi K2,500. Tinayenda mphindi makumi awiri pa msewu wafumbi, tikudutsa zigafa zopanda fodya ndi tchalitchi cha njerwa zofiira, ine dzanja limodzi pa katoni, lina pa phewa la mwini njinga.

Nyumba ya a Mbewe ndi yakale, yamalata, yozunguliridwa ndi mitengo ya bulugama. Anandilandira ndi mwana wawo, a Nambewe, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale amene amakhala nawo. Bambowo ndinawapeza pa khonde atavala tayi, ndevu zitametedwa bwino. Ndi munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, mkulu wa mpingo, amene kale ankaphunzitsa zaulimi. Khofi anamudziwira ku Italy komwe anapita kukaphunzira ali mnyamata. Anandipatsa moni ponditchula dzina langa, a Mwale.

Makina aja anali pa tebulo la m'chipinda chodyera, atafunditsidwa nsalu ngati ana ogona. Oyamba anali aakulu, onyezimira, okhala ndi matanki awiri, lina lotenthetsera madzi a khofi, lina la nthunzi yofufumitsira mkaka, kutsogolo kuli timawotchi tiwiri toonetsa mphamvu ya madzi. Awa ndiwo ndinkawalota. A Mbewe anandiuza kuti amafunika theka la ola kuti atenthe bwino, ndipo amadya mayunitsi a magetsi ngati mbaula. Achiwiri anali akale, aang'onopo, okhala ndi chogwirira chachitali chimene munthu amakoka ndi dzanja kuti madzi adutse mu khofi. Anati oyambawo amakhululukira munthu akalakwitsa, koma achiwiriwo amamuuza kulakwa kwake m'kapu momwemo.

Tinaika kamakina kanga pambali pake. Kankaoneka ngati mwana wa sukulu pakati pa aphunzitsi. A Mbewe anandiuza kuti ndipange khofi ndekha m'makina onse atatu, chifukwa manja awo anasiya kumvera. M'kanga ndinaika khofi wanga wa masiku onse, wopera kale wa m'paketi ya kusitolo. M'makina awo ndinaika khofi wa ku Misuku amene tinapera pomwepo m'kachigayo kawo. Kusiyana kwake sikunafune katswiri. Wanga anali wowawa, thovu lake lopyapyala, pamene wa m'makina aja anali wolemera pa lilime, kukoma kwake kukutsalira kukhosi. Mumtima ndinali nditagula kale, ndikukonza mawu okanena kunyumba.

Ndiye a Mbewe anati tibwereze, koma ulendo uno khofi wa m'kachigayo alowe m'makina onse atatu. Nditatha kupanga anandiuza kuti nditembenuke, a Nambewe n'kusokoneza makapu. Ndinalawa mosamala, ndikutsuka mkamwa ndi madzi monga tinkachitira ku ntchito. Kapu ya makina okoka ndi dzanja ndinaidziwa msanga, inali yofatsa ndi yotsekemera mwa mtundu wake. Makapu awiri otsalawo anandizunguza. Ndinalawa, n'kulawanso, kenako ndinaloza imodzi molimba mtima kuti iyi ndiyo ya matanki awiri. A Nambewe anatukula kapuyo kundionetsa kapepala kamene anamata pansi. Inali ya kamakina kanga.

A Mbewe sanaseke. Anati makina aakulu amaposadi, makamaka kwa munthu wopangira anthu ambiri motsatizana kapena wokonda khofi wa mkaka, koma kwa munthu wa kapu imodzi m'mawa, chimene ndinkasowa chinali chigayo ndi khofi wokazingidwa posachedwa. Ndipamene ndinazindikira kuti iwo sanamweko ngakhale dontho. Kapu iliyonse ankaiyandikitsa kumphuno, n'kutsinzina, n'kuibweza pa tebulo. Adokotala anawaletsa khofi zaka ziwiri zapitazo chifukwa cha mtima.

Ndinawafunsa chimene anagulira makina a matanki awiri aja pamene anali ndi abwino kale.

“Ndinawagula chaka chimene anamwalira amayi a m'nyumba muno,” anatero. “Ndinkaganiza kuti m'mawa udzayamba kupiririka. Khofi anakomadi pang'ono, a Mwale, sindikunamizeni. Koma m'mawa sunasinthe.”

Tinadya futali wa mbatata pa khonde, tikukamba za alendo ovuta a ku hotela ndi za kuzizira kwa ku Italy. Mtima wanga unali utasamukira ku makina okoka ndi dzanja aja, ndipo nditatha kudya ndinafunsa mtengo wake weniweni. A Mbewe anayamba kundiwerengera mavuto. Mphira za mkati zikatha zimachokera kunja. Munthu amataya khofi wa miyezi itatu asanaphunzire kukoka bwino. Chitsulo chake chimaotcha, ndiye ngati kunyumba kumabwera adzukulu ndiganize kawiri. Mtengo sanautchule. Mapeto ake anatulutsa m'kabati kachigayo kena kopukusa ndi dzanja, kamene ankayenda nako pa maulendo, n'kundigulitsa pa ndalama zosapitirira za matumba ochepa a simenti.

Cha m'ma 2 koloko a Nambewe anandiperekeza mpaka pa msewu kukadikira wakabaza. Titatalikirana ndi nyumba anandiuza kuti ndinali munthu wachisanu kubwera kudzaona makinawo, ndipo onse anabwerera opanda. Uthenga wogulitsa analemba ndi iwo, pofuna kuchotsa chiyeso m'nyumba, bambo awo n'kuvomera. Koma aliyense akabwera amamusunga tsiku lonse, kenako n'kumuuza zifukwa zoti asagule. Sananene mokwiya. Anati masiku a alendo oterewa ndi okhawo amene bambo amadzuka okha, kumeta ndi kufunsa komwe kuli tayi.

“Koma inu mumadziwa za khofi,” anatero. “Zimene akuuzanizo n'zoona, kapena amangofuna makina awo asachoke?”

Ndinawayankha kuti zonse zinali zoona, ndipo lilime langa ndilo mboni. Anagwedeza mutu ngati munthu amene watula kanthu kamene kanamulemera nthawi yaitali.

Minibasi yobwerera ndinaipeza pa Namitete itangokwana 3 koloko, mtengo womwe uja, koma yodzaza ndi matumba a mtedza mpaka mawondo anga anafika pachifuwa. Panjira ndinasinkhasinkha za funso limene ndinapita nalo. Ngati wina angandifunse lero ngati n'koyenera kusiya makina aang'ono n'kugula aakulu, ndingamuuze kuti ayambe wagula chigayo, kenako alawe atatembenuka msana. Akapeza kusiyana, ndipo thumba likulola, agule. Koma adzifunsenso ngati chimene chazilala ndi khofi kapena china. Tsiku limenelo ndinapanga makapu asanu ndi imodzi pamaso pa munthu amene ankayang'anitsitsa manja anga n'kumagwedeza mutu, ndipo ndinasangalala kuposa m'mawa uliwonse wa chaka chonsecho, ngakhale kuti mwiniwakeyo sanamweko.

Tinalowa mu depoti dzuwa litapendeka, ogulitsa chipisi atayamba kusonkhezera moto. Ndisanakwere minibasi ya kwathu ndinaimbira foni a Nambewe kuwadziwitsa kuti ndafika bwino. Kenako ndinawafunsa ngati bambo amakhala otanganidwa Loweruka loyamba la mwezi. Ndinamva akufunsa chakutali, ndi mawu a nkhalamba akuyankha mofulumira. Anati satanganidwa, koma ndidzabwere ndi khofi wanga, chifukwa wa m'nyumbamo ndinamumaliza.