Tsiku limene ndinayambira ngalande kumtunda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha matenda anga owerenga chilichonse. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma maso anakana kulekeza: nyuzi yokulungira chipisi, zikwangwani za m'maminibasi, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala. Tsiku lina ndikudutsa pa ofesi ya khonsolo ndinaona pepala lomatidwa pakhoma, loti akufuna anthu oyeretsa ngalande za m'tauni mvula isanayambe. Ndinaliwerenga mokweza kuti ena amene anaima pamenepo amve. Mmodzi anati, "Apulofesa, nanunso lembetsanitu." Dzinalo linandimamatira pompo, ntchito inachita kubwera pambuyo.

Tauni yathu ya Karonga ndi yathyathyathya ngati chikhatho. Madzi akagwa sathamanga, amaima n'kumaganiza kopita, ndipo akapeza ngalande yotsekeka amalowa m'nyumba za anthu. Akhonsolo ankafuna kuti zimenezi zichepe. Anaika migolo ya zinyalala mumsika, analengeza kuti tisiye majumbo opyapyala, ndipo ife anatipatsa mafosholo, mapiki, mareki, mawilibala awiri, majombo, ndi chitsulo chachitali chopinda kunsonga chokokera zinyalala m'makalavati, mipaipi ya simenti ija imene imadutsitsa madzi pansi pa msewu.

Zimene zimatuluka m'ngalande sindingazilembe zonse, mwina mukuwerenga mukudya. Majumbo, mabotolo, matewera a ana, makoko a nzimbe, matope akuda onunkha moti sopo amagonja. Umayamba wadula udzu wa m'mbali ndi chikwanje, kenako reki kuchotsa zoyandama, kenako fosholo mpaka umve simenti ikulira pansi. Zimene wafukula uzitengere kutali ndi wilibala, chifukwa ukaziunjika m'mphepete mvula imazibweza momwemo.

Kapitawo wathu anali a Mwakikunga, bambo wosalankhulalankhula. Ngalande yaikulu imene tinapatsidwa imachokera kuseri kwa msika n'kutsika mpaka pa kalavati ya kumunsi, kumene kuli nyumba za zidina. Iwo anatiyambitsa kumunsiko, kumene sikudutsa aliyense wovala tayi. Sanafotokoze chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse. Munthu wotchedwa pulofesa amachita manyazi kufunsa.

Pafupi ndi kalavatiyo pankakhala a Nyagondwe, mayi wamasiye amene ankapikula usipa ku Ngara n'kumagulitsa mumsika. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, imene anaumba okha zidina zake, ndipo matumba a usipa ankasunga momwemo. Ankatipatsa madzi akumwa m'chigubu. "Adada, mutsegule ndithu chipaipicho," ankatero. "Chaka chatha madzi anafika pakhonde."

Lachitatu lina a Mwakikunga anamva za maliro a mchemwali wawo ku Hara. Anandisiyira kabuku kolemba mayina a amene abwera kuntchito, popeza ndinali wolemba bwino, n'kunena kuti, "Mupitirize pomwepa." Kalavati inali itatseguka mwina theka. Masana ake ndinamva kuti Lachisanu kubwera alendo kudzaona mmene ntchito yoyeretsa tauni ikuyendera, ndipo adzadutsa mumsika. Mutu wanga unayamba kugwira ntchito, mwatsoka. Ndinaganiza kuti alendo akaona kumsika kuli mbee, gulu lathu litchuka, ndipo kalavati tidzamaliza Lolemba.

Lachinayi m'mawa ndinauza anzanga kuti tisamukire kumtunda. Mayi wina wa m'gulu lathu, a Namwira, amene anagwirapo ntchitoyi zaka zam'mbuyo, anatsamira fosholo n'kundiyang'ana.

"Apulofesa, zimenezi mwawerenga m'buku liti?"

"Amama, ndi masiku awiri okha."

"Mitambo mwaiuza?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, tinanyamula zida. Kabuku kanali m'thumba mwanga, ndiye ananditsatira.

Kuseri kwa msika kunali chimulu cha zinyalala chimene chinatseka ngalande kwa zaka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chimulu chonyansacho chinkagwira ntchito ngati damu. Madzi a mumsika ankaima pamenepo n'kusefukira m'kadambo kopanda nyumba, ochepa okha ndi amene ankatsikira kumunsi. Ife tinachigumula ndi mapiki, tinapala mpaka simenti kuwala. Ndinaima pamwamba n'kumadziyamikira.

Mvula inayamba cha m'ma 2 koloko masana. Tinabisala pakhonde la golosale. Ndinkaonerera madzi akuthamanga m'ngalande yathu yoyera, atanyamula majumbo ndi mabotolo a msika wonse, ndipo kwa kanthawi ndinanyadira. A Namwira ndiwo anandikoka malaya. "Onsewa akupita kwa a Nyagondwe," anatero.

Tinathamanga m'mvula momwemo. Pofika, kalavati inali itatsekeka yonse, madzi atadzaza msewu n'kulowa m'mabwalo. Ndinalowa mpaka m'chiuno ndi chitsulo chokokera chija, kukoka majumbo, ena n'kumabwera. A Nyagondwe ndi anansi awo ankatulutsa katundu, madzi ali m'mawondo m'nyumba. Zidina zikamwa madzi sizichita phokoso. Khoma la kumbuyo linangokhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, denga n'kutsatira. Palibe anavulala. Matumba a usipa anatsalira momwemo, ndipo titawafukula anali phala.

Mvula itakata tinawathandiza kuzula malata pamitengo ya denga. A Nyagondwe anandigwira dzanja, lonse matope, n'kunena kuti, "Yewo, adada, mwalimbana nawo madziwa." Ankandithokoza. Ndinabweza dzanja langa n'kupitiriza kuzula malata. A Namwira anayang'ana kumbali.

A Mwakikunga anabwera Loweruka. Anayenda ngalande yonse kuchokera kumsika mpaka pa kalavati, ine ndili pambuyo pawo. Ndinawauza zonse, sindinabise. Anaima pa mulu wa dothi umene unali nyumba, n'kunena kuti, "Ngalande timayambira kumene madzi akupita, osati kumene anthu akuyang'ana." Sanandichotse ntchito. Anangotenga kabuku kaja n'kupatsa a Namwira, amene ankalemba mayina movutikira, chilembo chimodzichimodzi. Alendo aja ndinamva kuti anayamikira kwambiri kumsika.

Patapita sabata ndinapita kwa a Nyagondwe, amene ankagona kwa mnansi, kukawauza kuti amene anatsegula madzi aja ndine. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye chipaipi chija mwatsegula tsopano?" Ndinati eya. Anati, "Chabwino, ena apulumuke." Ndinalonjeza kuti mvula ikatha ndidzawaumbira zidina, koma mwezi usanathe anapita kwa abale awo ku Ngara, ndipo sanabwererenso.

Pamalopo lero pamera udzu, patsala sitepe ya simenti ya pakhomo basi. Ntchitoyi ndikugwirabe, ndipo ondidziwa kale amanditchulabe Apulofesa, ndimavomera. Chaka chilichonse tikalandira mafosholo, anzathu atsopano amadandaula kuti bwanji tikuyambira kutali chonchi, kumene palibe wotiona. Ndimawatengera pa sitepe ija, ndimawafotokozera zonse, ndi dzina langa lomwe, kenako ndimalowa ndine woyamba mu kalavati.