Nthochi za m'phiri la Michesi

Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri pa sekondale ina yoyendera kumunsi kwa Michesi, ndipo chimene chinkandipsetsa mtima sichinali kusowa kwa mabuku. Zimenezo tinazolowera, buku limodzi mitu ili mbwee pamwamba pake. Chinkandiwawa n'chakuti nthano za azungu akale, za milungu yawo yolandana akazi ndi kuponyerana mphezi, tinkazitcha maphunziro, ndipo mwana akaziloweza ankakhoza mayeso. Koma mwana yemweyo akangotchula mizimu ya m'phiri limene tinkaliona pawindo tsiku ndi tsiku, basi zasanduka za ziwanda.

Chaka china ndinatopa nazo. Ndinauza ana a Fomu 3 kuti aliyense alembe chimangirizo cha nkhani imene imakambidwa kwawo, ndipo pomaliza atsutsane nayo ngati ali ndi chifukwa. Ambiri anakoperana mpaka ndi zolakwika zomwe, monga mwa masiku onse. Koma pepala limodzi linandikhazika pansi.

Aliyense wa kuno amadziwa lamulo la m'phirimo. Ukakwera kofuna nkhuni kapena bowa, umatha kupeza chakudya pamwala, kawirikawiri nthochi zakupsa bwino, pamalo poti palibe amene anabzalapo nthochi. Imeneyo ndi mizimu yakupatsa. Udye pomwepo, wekha, mpaka ukhute. Usaitane mnzako, ndipo usatengeko ngakhale imodzi kupita nayo kumudzi. Ukaphwanya lamuloli, njira yobwerera imakusokonekera ndipo kwanu sakuonanso.

Pepala lija linali la mtsikana wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni. Ankafika mochedwa chifukwa ankayamba wakatula nkhuni kwa azimayi okazinga zitumbuwa pamsika. Mayi ake analowa m'phiri mwezi wa njala, iye akadali ku pulayimale, ndipo sanabwereko. Ofunafuna anangopeza chitenje chawo m'mbali mwa njira, atamangamo nthochi. Mlandu unathera pomwepo. A kutchalitchi ankati mayiyo anakhudza za ziwanda, osapemphera ankati anabera mizimu. Anthu amene sagwirizana pa china chilichonse anagwirizana pa chimenechi, ndipo ana a mayiyo anakula akutchedwa ana a wakuba wa m'phiri. Ngakhale azimayi amene ankakwera nawo limodzi ku nkhuni anasiya kuponda pakhomopo.

Chingerezi cha mtsikanayo chinali chotsimphina, sindinama. Ndinatenga bolopeni yofiira mwa chizolowezi, koma nditafika pakati ndinaiika pansi. Analemba kuti sakudziwa ngati nthochizo zinalidi za mizimu kapena munthu wina anangowapatsa. Koma ngati zinali za mizimu, mayi ake lamulolo ankalidziwa bwino lomwe. Kungoti kunyumba anasiya ana atagona ndi njala, wamng'ono ataleka ndi kulira komwe. Ndiye akanakhala bwanji pamwala n'kumameza okha? Anamaliza ndi mawu amene m'Chichewa ndingati: mzimu wophikira pakamwa pamodzi sunaberekepo.

Tinakonza galamala limodzi tikaweruka, mzere ndi mzere, koma maganizo ake sindinawakhudze. Kenako ndinamufunsa ngati angawerenge nkhaniyo pa tsiku lotsekera sukulu, pamaso pa makolo.

"Madamu, ndiye anthuwo adzamva kuti amayi sanali wakuba?"

"Adzamva," ndinatero.

Ndinalonjeza ndisanafunse kwa akuluakulu, ndipo mpaka lero sindidandaula.

Nkhani sigona. Patangopita masiku ochepa ndinaitanidwa ku ofesi. Munali ahedi, munthu wabwino koma wosafuna phokoso, ndi apampando a komiti ya makolo, amenenso anali mkulu wa mpingo.

"Madamu, munabwera kuno kudzaphunzitsa Chingerezi, osati kudzadzutsa mizimu," anatero apampando.

"Bambo, teremu yatha mwana wanu anasewera mulungu wa mphezi wa azungu, atafunda nsalu ya pabedi. Woyamba kuwomba m'manja munali inuyo."

"Zimene zija n'za m'buku."

"Izinso zalembedwa, bambo. Walemba ndi mwana wa m'mudzi mwanu."

Ahedi ataona kuti zikutentha, analowererapo ndi nzeru zawo. Anati mwanayo awerenge ndithu, koma m'Chingerezi chokhachokha, poti ndilo lamulo la sukulu. Apampando anavomera msangamsanga, mpaka kumwetulira. Tonse atatu tinkadziwa chifukwa chake. Makolo akuno akamva mwana akulankhula Chingerezi amaimba nthungululu asanamve ndi liwu limodzi lomwe. Mwana atha kuwatukwana m'chizungu iwo n'kumamufupa. Choncho mtsikanayo akanawerenga, akanawomberedwa m'manja, n'kubwerera kwawo akadali mwana wa wakuba. Ndinatuluka mu ofesimo mtima ukuwira, koma ndinathokoza mwaulemu.

Tsikulo makolo anadzaza pansi pa mitengo ya mango, abambo pamabenchi, amayi pansi atatambasula miyendo, njinga zili ndandanda kukhoma. Anyamata anachita mtsutso wawo, kwaya inaimba, ndipo nthawi ya mtsikana uja inakwana. Anaimirira ndi pepala lake. Atangomaliza chiganizo choyamba, nthungululu zinayamba, ndendende mmene ahedi anawerengera.

Ndinadzuka pa mpando wanga n'kukaima pambali pake, monga amaimira womasulira m'tchalitchi kukabwera mlaliki wachilendo. Ndinakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Mwanayu akuti: mayi anga analowa m'phiri mwezi wa njala."

Nthungululu zinaduka pakati. Ahedi anandiitana chapansipansi, "Madamu."

"Mwanayu akuwerenga m'Chingerezi monga munanenera, bwana," ndinayankha osatembenuka. "Ine ndikungothandiza makolo kuti amve zimene ana awo amaphunzira."

Ndinamugwedezera mutu kuti apitirize. Iye chiganizo, ine chiganizo. Sindinawonjezere kanthu ndipo sindinachotse kanthu, ngakhale pamene ankanena za anthu amene anasiya kuwapatsa moni. Ena mwa anthuwo anali pomwepo, ndipo ndinawaona akuyang'ana zala za kumapazi. Ndinali wokwiya kuposa mmene ndinkaopera. Mawu a mtsikanayo ankangokulirakulira. Atafika pa mzere womaliza sanandidikirenso. Anatsitsa pepala n'kunena yekha m'Chichewa, ndi kamvekedwe kake ka Chilomwe kamene anzake ankamuseka nako, kuti mzimu wophikira pakamwa pamodzi sunaberekepo.

Palibe amene anawomba m'manja. Apampando ananyamuka mwambo usanathe.

Teremu yotsatira anandichotsa ku makalasi olemba mayeso n'kundipatsa Fomu 1, pamodzi ndi ntchito yoyang'anira kusesa. Amati n'chilango. Ine ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa ana a Fomu 1 nawonso ali ndi nkhani zakwawo, ndipo ndinayamba kuwalembetsa sabata yoyamba yomweyo.

Koma chimene ndimasunga mumtima chinachitika tsiku lomwe lija, anthu akubalalika. Mtsikanayo anaima yekha pafupi ndi khoma, ndipo ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndamuika pamoto pachabe. Ndiye kunabwera mayi wina wamfupi, wa khosi lolimba la onyamula mitolo. Ndinamva pambuyo pake kuti anali mmodzi wa anzawo a mayi ake, amene anali asanapondenso pakhomo paja chisowere mnzawoyo. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anagwira mtsikanayo padzanja.

"Mwanawe, inenso ndili ndi ana. Nthochizo nanenso ndikanamanga pachitenje," anatero. "Mawa usakwere wekha. Ndidzera kwanu."