Mapazi Khumi ndi Awiri

Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi m'chipinda chosungira mapu ku ofesi ya mzinda. Chinali chipinda chapansi, cha zenera limodzi loyang'ana miyendo ya anthu odutsa mumsewu. Ntchito yanga inali kupinda mapu, kuwaika m'madilowa, ndi kulandira timabuku ta oyeza malo akabwera koyeza. Anthu ambiri ndinkawadziwa ndi nsapato zawo. A Zikhomo ndinkawadziwa ndi kayendedwe. Ankayenda ngati munthu wina aliyense, koma akaponda kakhumi ndi kawiri ankaima pang'ono, ngati wina wawaitana kumbuyo, kenako n'kupitiriza.

Sanali woyeza malo iwo. Sukulu anailekezera panjira. Ntchito yawo inali kunyamula tepi, nyundo ndi thumba la zikhomo. Woyeza akaloza ndi dzanja, iwo ankakhoma. Theka la mapuloti a mumzinda muno anakhoma ndi iwo. Akafika pakhomo pa munthu ankayamba ayang'ana ngodya za mpanda asanapereke moni. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lawo likadzakwana adzadzuka m'bokosi kuti aone ngati manda ali pamzere.

Banja analibe. Anali ndi mlongo wawo mmodzi, telala, wamng'ono kwa iwo. Mwamuna wa telalayo atamwalira, kampani imene ankagwirako inatenga nyumba yake, mayiyo n'kutsala panja ndi makina osokera ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. Mwanayo ankatsata malume ake kulikonse, ndiye anthu anamutcha Kamchira.

Chaka chimenecho mzinda unkagawa mapuloti kwa anthu osowa pokhala, pamtsetse wa pakati pa msewu ndi khwawa la kumunsi kwa msika. Mapu ankanena kuti m'mphepete mwa khwawa musamangidwe kanthu, ikhale njira ya madzi. Motero pamtsetsepo pankakwana mizere isanu ya nyumba. Mabanja asanu ndi limodzi anatsala opanda malo, ndipo dzina la telala linali pakati pawo.

Poyeza malo pamakhala mwala woyambira. Ndi chipilala chachifupi cha simenti chokhala ndi kachitsulo pakati, ndipo miyeso yonse imachokera pamenepo. Woyeza wa nthawi imeneyo anali munthu wodana ndi dzuwa. Analoza pamene mwalawo umangidwe, kumalire a njira ya madzi, n'kukakhala m'galimoto. A Zikhomo anazula chikhomo cha woyezayo, anayenda mapazi khumi ndi awiri kutsikira kukhwawa, n'kukumba pamenepo. Anakumba mozama kuposa masiku onse, kuti pasadzapezeke wina wouzula.

Simenti isanaume, Kamchira anapondapo. Phazi lamanzere, zala zonse zisanu. Malume ake anatenga chipande kuti asalaze, mwana n'kuyamba kulira. Analisiya.

Atayeza kuchokera pamwalapo kukafika kumsewu, mizere inakwana isanu ndi umodzi. Woyeza anakondwera, akuluakulu anamuyamikira. Kabuku kake katafika kwa ine ndinaona kuti nambala ina yafufutidwa n'kulembedwanso ndi pensulo ya mtundu wina. Ndinakayang'ana kanthawi, ndinakaika m'dilowa.

Telala anapatsidwa puloti mumzere watsopanowo, wa kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mwala. Iye ankaganiza kuti achimwene ake anangomupemphera kwa mabwana.

"Achimwene, mukanapanda inu bwenzi tikugona pansi pa mlatho," ankatero pamaso pa aliyense.

"Aaa, zazing'ono izo," iwo ankayankha.

Zaka zisanu zinadutsa bwino. Chaka chachisanu ndi chimodzi mvula inagwa masiku atatu osakata. Madzi anabwera masana, anthu akuona. Telala anali kumsika pamakina ake. Kamchira anali m'nyumba, akudwala malungo, chitseko chotseka kuti mphepo isalowe. Mzere wonse wa kumunsi unapita ndi madzi. Anthu anayi anapezeka pambuyo pake m'matope atafa. Kamchira sanapezeke. Mumzere wachisanu madzi analekezera pakhonde.

M'mawa mwake a Zikhomo anaima pamene panalekezera matope, n'kuyenda kutsikira kumwala wawo akuwerenga. Anapeza khumi ndi awiri. Miyala ina yonse ya m'mphepete mwa khwawa inali itakokoloka. Wawo wokha unatsala chilili, ndi kaphazi kake pamwamba.

Kuima kwawo kuja kunayamba tsiku limenelo.

Telala anapeza kachipinda kuseri kwa msika. Loweruka lililonse ankatsikira kukhwawa ndi tsache, n'kukasesa pamwalapo, kuchotsa mchenga pakati pa tizala ndi kamtengo. Achimwene ake ankamunyamulira chidebe cha madzi. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Udzu unamera pamene panali nyumba, ana a m'mizere ya kumtunda ankasewera mpira pamenepo, koma pamwalapo sankakhalapo.

M'chaka changa chomaliza pantchito mzinda unaganiza zomanganso pamtsetsepo. Anthu anali atachuluka, lendi itakwera, mvula nayo itasintha makhalidwe. Inkachedwa, ikabwera n'kugwa ya mwezi wathunthu tsiku limodzi. Anakonza zogwetsa zisakasa n'kumanga nyumba zotsika mtengo koma zolimba, ndi ngalande zikuluzikulu. Anatumiza woyeza watsopano, mayi wachitsikana wa chipewa chotambalala, wokhala ndi makina a miyendo itatu. A Zikhomo anali atapuma ntchito, koma anawaitana chifukwa ndi iwo okha ankadziwa pamene panali miyala yakale.

Mayiyo atauona mwalawo anaugogoda ndi nsapato.

"Uwu ndiye mwala, bambo. Chigumula chinaulephera. Amene anaumanga ankaidziwa ntchito."

"Ndinamanga ndine, bwana."

"Ndiye basi, ndayamba pano. Ndikudalira inu."

Anaimika makina ake pamwamba pa kachitsulo. Mapu atsopano anatuluka ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo papepala wa kumunsiwo unkaoneka kuti uli kunja kwa njira ya madzi. Opulumuka pachigumula anauzidwa kuti asankhe nyumba poyamba. Telala sanachedwe. Anasankha ya pafupi ndi mwala.

"Ndikamadzatsegula zenera ndizidzamuona mwana wanga," anauza achimwene ake. "Simudzavutikanso ndi chidebe, mwakalamba."

Patapita masiku angapo ndinaona miyendo ya a Zikhomo pazenera langa, nthawi ya chakudya cha masana. Inaima, inapitiriza, kenako ndinamva akutsika masitepe. Anakhala pabokosi la mapu akale, chipewa pabondo.

"Akulu, kabuku kaja kalipo?"

"Kalipo."

"Munaona?"

"Ndinaona."

"Bwanji simunanene?"

"Nanga inu?"

Kunja kunkadutsa nsapato za ana a sukulu.

"Akuti makoma adzakhala a konkire," iwo anatero. "Mwina adzalimba."

"Mwina."

"Ndikanena, nyumba yake yapita. Ndiponso adziwa amene anamuikira mwana panjira ya madzi. Ndilibe wina, akulu. Ndi yekhayo."

Ndinatsegula dilowa, ndinatulutsa kabuku, ndinakaika patebulo pakati pathu. Anakayang'ana osakagwira.

"Mubwere nako kukhwawa Loweruka," anatero ponyamuka. "Ndekha miyendo ingandikane."

Loweruka limenelo amisiri ankamanga zingwe zoti ayambe kukumba maziko. Woyeza anali pamakina ake. Telala anali atagwada pamwala ndi tsache lake, sankafuna kuti fumbi la omanga limukwirire mwana. A Zikhomo anatula chidebe pansi.

"Bwana, ndikupempha chinthu chimodzi. Yezani kuchokera kumsewu kubwera kuno. Pamwalapa musayambirepo."

"Bambo, dzuwa lonseli? Mukufuna ndide ngati makala ndisanakwatiwe?"

"Yezani chabe."

Woyezayo anawayang'ana, anasiya kuseka. Ananyamula makina ake n'kukwera nawo kumsewu. Panapita pafupifupi ola. Pobwera anali atavula chipewa.

"Makinawa akundinamiza kapena? Pali kusiyana kwa mamita pafupifupi khumi."

"Makina sakunama. Ukunama ndi mwalawu."

Ndinapereka kabuku, nditatsegula patsamba lofufutidwa lija. Iye anawerenga, anayang'ana khwawa, anayang'ana zingwe za maziko.

"Ndiye kuti mzere wonsewu uli m'madzi."

"Uli m'madzi. Unali m'madzi kuyambira kale."

Telala anali ataimirira, tsache lili m'manja.

"Achimwene, mukuti chiyani?"

"Ndinausuntha ndine, achemwali. Mapazi khumi ndi awiri. Kuti mupeze malo."

"Mabwana aja sanakumvereni chisoni?"

"Sindinapiteko n'komwe kwa mabwana."

Telala anayang'ana kaphazi kaja nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi ine ndimakuthokozani."

"Eya."

"Inu n'kumavomera."

"Eya."

Anaika tsache pansi bwinobwino, ngati chinthu choti chingasweke, n'kuyamba kukwera mtsetse. Sanatembenuke. Amisiri anali ataima ndi mafosholo awo. Mmodzi wachikulire anangoti, "Madzi saiwala khwawa," n'kuyamba kukulunga chingwe.

Mzere wa kumunsi unachotsedwa pamapu. Nyumba zisanu ndi imodzi zinachepa, ndipo mabanja amene anayenera kudikiranso chaka china sanawathokoze a Zikhomo. Kumsika ankawaloza. Wina anawalavulira pansapato. M'lipoti lake woyeza anangolemba kuti mwala wakale unapezeka pamalo olakwika. Telala anasiya kupita kukhwawa Loweruka. Achimwene ake akadutsa pamakina ake ankaweramitsa mutu pansalu. Iwo ankapitabe okha ndi chidebe, n'kumasesa ndi tsache limene iye anasiya.

Pamene panayenera kukhala mzere uja anakumbapo ngalande yotakata, yoyalidwa miyala, ndi udzu m'mbali. Mwala unali pakati penipeni pa njira yake. Kapitawo wa omanga anati auphwanya ndi chigalimoto chokumbira. A Zikhomo anapempha masiku atatu. Anakumba okha ndi piki, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, akulimbana ndi simenti yomwe anathira ali ndi mphamvu. Pamapeto pake omanga anawathandiza kudula mutu wa mwalawo, mbali ya kaphazi, n'kuukweza pa wilibala.

Nthawi imeneyo telala anali atalowa kumene m'nyumba ina kumtunda, pafupi ndi msewu. Panali patapita miyezi khumi osalankhulana ndi achimwene ake. Tinakankha wilibalayo awiri, nkhalamba ziwiri, chogwirira chimodzi aliyense. Akaponda kakhumi ndi kawiri iwo ankaima, ine n'kuimanso. Tinafika dzuwa litapendeka.

Tinamupeza pakhonde akusoka yunifolomu ya sukulu. Makina sanaime.

"Odi, achemwali."

Makina anapitirira mpaka msoko unatha. Anadula ulusi ndi mano.

"Ndiuike pati?" iwo anafunsa.

"Pansi pa zenera."

Tinautsitsa movutikira n'kuukhazika m'munsi mwa khoma.

"Osati apo," anatero telala osadzuka. "Madzi a padenga amagwera pomwepo. Mwayeza mzinda wonse, achimwene, koma mpaka lero simudziwa podutsa madzi?"

A Zikhomo anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi pamene madontho anakumba timaenje, n'kuusuntha pang'ono. Iye analowa m'nyumba, anatuluka ndi makapu awiri a madzi. Yanga anandipatsa m'manja. Inayo anaiika pansi, pafupi ndi mapazi a achimwene ake. Iwo anawerama, anaitola, anamwa onse.

M'nyumbamo sanalowemo mpaka imfa yawo. Koma Loweruka ankabwera n'kukhala pakhonde, mlongo wawo akusoka, ndipo nthawi zina ankawatuma kukagula ulusi.

Dzinja lotsatira mvula yaikulu inagwa. Anthu anaima m'makonde a mzere wachisanu n'kumaonera madzi ofiira atadzaza ngalande mpaka m'milomo, akuthamanga ndi mitengo ndi zitseko za kumtunda, pomwe pakanakhala zipinda zogona. Palibe anafa. A Zikhomo anaima m'mphepete osafunda kanthu. Woyeza uja anabwera ndi ambulera n'kuwafunditsa.

A Zikhomo anamwalira chaka chathachi, atadwala sabata imodzi. Kumanda anthu anali ochepa. Titatha kukwirira, telala anandikoka malaya. Maso ake anali ouma.

"Akulu, taonani ngati mandawa ali pamzere. Angadzuke."

Ndinaima kumutu, ndinayang'ana manda oyandikana nawo, ndinayeza ndi mapazi mbali zonse ziwiri. Anali pamzere. Ndinamuuza, iye anagwedeza mutu n'kumapita.

Pobwerera ndinayenda ndekha m'mphepete mwa msewu. Nditatsala pang'ono kufika kunyumba ndinazindikira kuti ndaima pakati pa njira, popanda wondiitana, ndipo milomo yanga inali ikuwerenga.