Chitseko cha Minibasi ya Mayamiko

Dzina langa silinalembedwepo pa filimu iliyonse imene ndinagwirako ntchito ku Cape Town. La Mayamiko, mnzanga amene ndinamusiya ku Manja, wina analilemba kumbuyo kwa minibasi.

Ndinaganiza zochoka nditaona kuti kuno makatuni sangandidyetse. Awirife tinaphunzira kuwapanga pa kompyuta imodzi, ndipo wodziwa kwambiri ndinali ine. Kampani ya kumeneko itandiitana, ndinamuuza kuti nayenso afunsire.

"Pita iweyo, aise," anatero. "Ine ndikachoka, makondakitala a ku Limbe awajambula ndani?"

Ndinamumvera chisoni.

Ntchito yanga inali yosaka zolakwika. Kompyuta ikamaliza kutulutsa zithunzi za filimu, ine ndinkaziona chimodzichimodzi m'chipinda chopanda mawindo. Mthunzi wophethira, tsitsi lolowa m'phewa, kadontho kakuda patsaya, ndinkazizunguliza ndi mzere wofiira n'kubweza kwa ojambula. Sankandikonda. Malipiro ankathera ku lendi, kotsalako ndinkatumiza kwa amayi. Loweruka ndinkadya ndekha.

Amayi akaimba foni, nkhani inali imodzi. "Waona zimene watulutsa Mayamiko, mwana wa a Phiri? Taseka mpaka misozi. Nanga zakozo zimaonetsedwa kuti?"

Makatuni akewo ndinkawaonera pafoni, diso lili pa zolakwika. Zinali zambiri. Anthu ankasekabe.

Kontirakiti itatha ndinabwerako. Ndinapeza Mayamiko ali ndi chipinda pamwamba pa sitolo ina ku Limbe, ndi antchito akeake. Anandiitana. "Diso lako lija likadalipo? Bwera utionere izi tisanazitulutse."

Ndinapita ndi cholinga chimodzi, kufiiritsa sikirini yonse. Minibasi ya m'katuniyo inalibe mthunzi. Dzanja la mayi wina linkadutsa m'chikwama. "Zoona, tikonza," ankatero Mayamiko, osakhumudwa n'komwe, zimene zinandiwawa kwambiri. Kenako ndinapeza chachikulu. Pa zithunzi zingapo chitseko cha minibasi chinkachoka m'malo mwake, kulendewera, n'kubwereranso. Ndinachizunguliza ndi mzere wonenepa.

"Ichi ku Cape Town sichingadutse."

Mayamiko anandiyang'ana. "Kuno wabwera pa chiyani?"

"Pa takisi."

"N'chifukwa chake. Chitsekocho tachigwetsa dala, bwana wa ku Cape Town. Taona bondo la kondakitala."

Ndinabweza zithunzizo m'mbuyo. Bondo linali pomwepo, likukankhira chitseko m'malo mwake, mwiniwake akupitiriza kuitanira anthu. Ndinakula ndikuona zimenezi tsiku lililonse popita kusukulu. Ndinafufuta mzere wanga, antchito ake akunamizira kutanganidwa.

Pobwerera ndinakwera minibasi. Titafika pa Chichiri chitseko chinaguluka, kondakitala n'kuchibweza ndi bondo osachiyang'ana.

"Za Mayamiko zenizeni!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Minibasi yonse inaseka kupatula ine. Kunja ndinaphunzira kuona kadontho patsaya la chidole cha eni ake. Mayamiko anatsala kuno akuona anthu, ndipo anthuwo akumudziwa.

Mithunzi ya m'makatuni ake ikufunabe munthu woikonza, ndipo wandipatsa ntchitoyo. Akuti dzina langa lizilembedwa kumapeto kwa katuni iliyonse, koyamba m'moyo wanga, pansi pa lake. Ndamufunsa kale kuti zilembo zake zidzakhala zazikulu bwanji poyerekeza ndi zanga. Wangoseka. Ndikuyamba Lolemba.