Tsiku Limene Ndinatsitsa Patuma

Linali tsiku lopalira chimanga. Amayi athu onse anali kumunda, kutsidya kwa dambo. Ife ana tinali pakhonde pa Abiti Mussa monga mwa masiku onse. Kwathuko kunali ku Mozambique, nthawi ya nkhondo. Inu obadwira m'chipatala mumati ndine wabodza, ndipo nthawi zambiri mumalondola. Nkhani iyi yokha sindithira mchere.

Abiti Mussa sanaberekepo. Mwamuna anawasiya pa chifukwa chomwecho, ndiye mudzi wonse unkawasiyira ana. Ine ndinali wamkulu pa onse, wa zaka khumi ndi zitatu. Khutu langa lamanzere n'lalitali mpaka lero chifukwa cha zala za Abiti Mussa.

Mfuti zinayambira kumunda. Nkhuku zinaleka kupalasa. Kenako tinaona utsi.

Abiti Mussa sanafuule. Anatenga mpeni, chinangwa chouma ndi zitenje zitatu, n'kuzing'amba pakati. Wamkulu aliyense anam'bereketsa wamng'ono. Ine anandimangirira Patuma, wa zaka ziwiri, wolemera ngati thumba la mchere. Iwo anabereka khanda la a Asiyatu, la miyezi itatu.

Kwathu ana sawerengedwa. Amati ukawawerenga, imfa imamva n'kuchotsapo mmodzi. Ndiye pa mtsinje uliwonse Abiti Mussa ankaima n'kuitana mayina, ife n'kumavomera.

Tinkadutsa m'tchire, poti m'njira munali mabomba okwirira. Tsiku lachiwiri masana ndinatopa, ndinayamba kutsalira. Ndinali kumbuyo kwa onse. Patuma anali m'tulo. Ndinamasula mfundo, n'kumugoneka pansi pa mtengo wa masuku. Ndinadziuza kuti ndibwera kudzam'tenga. Ndinkadziwa kuti ndikunama.

Pa mtsinje wotsatira anaitana mayina. Atafika pa Patuma ndinavomera ine, ndi timawu tating'ono. Luso limenelo ndinali nalo kuyambira kale. Abiti Mussa anatembenuka. Anayang'ana chitenje chili lende paphewa langa.

"Wamusiya pati, Jafali?"

"Pa masuku."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anatsitsa khanda lija n'kundibereketsa, anamanga mfundo ziwiri.

"Uyu ndi wopepuka. Khalani m'bangomu. Dzuwa likakhudza phiri ilo ndisanabwere, muwoloke, mulondole kumene likulowera."

Tinakhala m'bango, madzi akulekeza m'mawondo. Kumene anapitako mfuti inalira kawiri. Khanda linkafunafuna bere pamsana panga. Linalira pang'ono, kenako linasiya. Ndinayesa lagona.

Dzuwa linakhudza phiri. Palibe amene anasuntha.

Patapita nthawi bango linagwedezeka. Abiti Mussa anatulukira akukwawa, Patuma ali kumsana. Phazi lawo lamanja linali lokulungidwa ndi mpango wa kumutu, mpangowo uli wonyowa ndi magazi. Sanatiuze zimene zinachitika kumeneko. Anangodula ndodo, n'kuyambanso kuitana mayina.

Tinafika ku Namwera, kuno ku Malawi, m'mawa mwake. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa anatipatsa madzi m'chitini. Pondimasula khanda lija, linali litazizira. Abiti Mussa analisambitsa okha. Ashehe a kumeneko anathandiza kuliika.

Abiti Mussa anakatilerera ku Nkope, kunyanja, akutsimphina, akuyanika usipa wa anthu ena kuti tidye. Analeranso ana athu, ndi ena amene sitinadziwe n'komwe kwawo. Za pa masuku sanauzepo munthu. Iwe Patuma, amene umandimana ndi tinsomba ta kambuzi tomwe pamsika wa Mangochi, wazimva lero. Ukanditukwane utakhala pansi, wakula tsopano.

Abiti Mussa tinawaika mwezi watha.

Mwa amayi amene anapita kumunda tsiku lija, anatipeza atatu okha. Woyamba kufika anali a Asiyatu, ndipo asanamwe n'madzi omwe anafunsa za khanda lawo. Amayi anga sanabwere.